Timitengo ta m'firiji tija

Bambo a Sayuri,

Timitengo tija munakulunga m'nyuzipepala yonyowa n'kusunga m'firiji, ine ndimayesa n'totungira nyama. Ndinawotchera nkhuku dzulo. Mwana wanu wandiuza m'mawa uno kuti tinali tinthambi tomezanitsa, ta mtengo wa maapozi wakalekale wa a Kudo, uja mumati kulibenso wina ku Hirosaki kuno.

Mtengowo akuugwetsa lero. Ndathamangira konko ndi sizasi yanu, ndikadule tina macheka asanayambe kulira. Mukachotse chipale chofewa pa mbande za m'nazale zisanathyoke.

Pepani ndithu, koma musakalipe kwambiri. Munabwereza mbale, n'kunena nokha kuti chikwatirane sindinaphikepo nkhuku yonunkhira chonchi.

Ndine Fumie