Thaulo la pa Chitseko cha Alamu

Achimwene,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Chifuwa chija munkatsokomola pafoni chinatha? Nanga kufakitaleko akukusinthanibe mashifiti ngati kale? Ife kuno tikudzuka. Amayi ali bwino kupatula bondo lawo lija. Azakhali ali bwino mopitirira muyeso. Mwana wanu akunenepa, masaya ngati wabisa mabanzi m'kamwa. Ine kusukulu ndikupita, ngakhale mayeso ayandikira ndipo powerengera ndilibe.

Alamu ndawasiya dala pa moniyu. Sali bwino, ndipo n'chifukwa chake ndang'amba mapepala apakati m'kope langa la sayansi.

Mufunsa kuti bwanji osangonena pafoni. Foni ya m'nyumba muno ndi ya amayi, ndipo inu mukaimba umakhala msonkhano. Aliyense amaunjikana, azakhali amakuwa ngati muli kutsidya kwa mtsinje, ine ntchito yanga n'kugwira foni kuti mwana aoneke bwino. Ndingalankhule pati pamenepo? Ndiye kalatayi ndiijambula ndi foni ya ometa tsitsi a pakona aja, akutumizirani ndi iwo. Muwerenge muli nokha, ndipo musalumphe.

Amayi a Mpira simunakumanepo nawo, munangomva mbiri yawo. Alamu anawapeza okha kusikelo, mimba itayamba kuwalemera inu mutapita kale. Tsiku loyamba kubwera kuno anatiuza okha kuti iwo si anamwino, si azamba, jakisoni sabaya. Ntchito yawo akuti ndi kuperekeza mayi: ali woyembekezera, pa nthawi yochira, ndiponso akabwerera kunyumba ndi khanda. Dzinalo ndinawapatsa ndine chifukwa cha chimpira chabuluu chimene ankabwera nacho, choti alamu azikhalapo msana ukamawawa. Ndinayesapo kukhalapo kulibe anthu. Chigongono chinandiwawa sabata yonse.

Matenda atayamba anapita nawo kuchipatala ndi iwowo. Amayi pobwera anatiuza kuti mayi uja sanakhale pansi, ankangosisita alamu msana, kuwamwetsa madzi, kuwakumbutsa kupuma, ndi kuwamasulira zonena anamwino m'mawu oti munthu wa ululu amve. Amayi ankawatama mpaka kwa oyandikana nafe, akuti ameneuja ndi mngelo wovala nsapato zafulati.

Mngeloyo anasanduka mdani alamu atangotuluka m'chipatala.

Azakhali anafika ndi chikwama chawo, akuti adzangothandiza masiku ochepa. Anatenga chipinda changa. Ine ndili pabalaza, matiresi anga ali kuseri kwa sofa, mabuku m'katoni. Ubwino wake pamenepo palibe amakumbukira kuti ndilipo, ndiye ndimaona zonse.

Chimene chinawapsetsa mtima azakhali choyamba ndi kalowedwe ka Amayi a Mpira. Iwo akalowa amapereka moni, amasamba m'manja, kenako n'kudutsa mwana ali m'manja mwa azakhali, osamunyamula, osamuseweretsa. Amalunjika kwa alamu, n'kukhala pafupi nawo. Amawafunsa ngati agona, ngati adya, ngati asamba, ngati chilonda chikuwawa. Akayankha kuti ali bwino, iwo amangokhala chete kudikira yankho lina. Azakhali akuti chibadwire sanaonepo munthu wamkazi wolowa m'nyumba ya khanda n'kulidutsa ngati thumba la makala. Amayi a Mpira anaseka, n'kunena kuti bwanayo omunyamula ali nawo pamzere, iwo abwerera amene anamubereka.

Chachiwiri ndi thaulo. Anakhazikitsa lamulo loti thaulo likakolekedwa pa chogwirira chitseko cha alamu, ndiye kuti mayi akugona, palibe kugogoda. Mwana akalira, womunyamula amuyendetse kaye pakhonde. Ine ndinaona kuti ndi lamulo labwino, ndinaganiza zolibwereka nthawi ya mayeso. Azakhali akuti m'nyumba ya mchimwene wawo sangalamulidwe ndi thaulo.

Ndiye kunabwera azimayi a kwaya ya amayi, Loweruka masana, atatchena, atanyamula mphatso. Thaulo linali pachitseko. Alamu anali atangogona, mwana atagonanso pambali pawo atayamwa. Azakhali ananyamuka kuti akawadzutse, alendo aone mwana ndi mayi wake. Amayi a Mpira anaima pachitsekopo akumwetulira. Anauza alendowo kuti mayi sanagone bwino masiku angapo, adikire pang'ono kapena adzabwerenso. Anawonjezera kuti ofuna kuthandiza, matewera auma pachingwe akufunika opinda, ndipo mbale zili musinki.

Achimwene, mmodzi wa azimayiwo, aja a mawu a besi, anavula jekete n'kukatsukadi mbale akuimba. Sanakhumudwe m'pang'ono pomwe. Koma amayi anachita manyazi mpaka makutu. Alendo atapita, azakhali anaomba m'manja akuzungulira pabalaza, akuti alendo a ulemu wawo kupinditsidwa matewera ndi munthu wobwera, amene sitikudziwa n'komwe kwawo.

Mawa lake anakuimbirani. Foni ndinagwira ndine. Munali pa nthawi yopuma, mukutafuna chinachake, kumbuyo kwanu makina akulira. Amayi ndi azakhali analankhula mopikisana, ndipo inu munati mwana anabadwa kale, ndiye ntchito ya mayiyo inatha, achite zimene akuona kuti n'zoyenera. Kenako munati ndisendeze foni muone bwana wanu. Alamu anali chiimire pakhomo la kukhitchini, thewera lili paphewa. Simunawafunse. Iwo ndi amene anamupeza munthuyo, ndi amene ankamufuna, koma palibe anawafunsa, ndipo inu munali womaliza kusawafunsa.

Amayi a Mpira atauzidwa sanakangane. Anapempha kutsanzikana ndi alamu, anakhala nawo kanthawi m'chipinda, n'kupita. Mpira anausiya, akuti ungawathandizebe. Thaulo azakhali analichapa n'kuyamba kupukutira mbale.

Kuyambira pamenepo chitseko cha alamu sichitsekedwa. Mwana akangoti kwee, azakhali alowa kale. Akuti akumugwira molakwika. Akuti mkaka ndi wochepa n'chifukwa chake akulira. Akuti iwo anabereka ana awo n'kudzuka mawa lake kukachapa, atsikana a masiku ano ndi mazira. Amayi sanena zambiri, koma sawaletsa. Alendo akabwera, alamu amadzutsidwa kuti akawiritse tiyi, mwana n'kumazungulira m'manja mwa anthu ngati mbale ya chopereka. Aliyense amati mwana wokongola, wafanana ndi bambo ake. Wowayang'ana alamu kumaso palibe.

Ine ndimawayang'ana. Ndikaweruka kusukulu ndimawapeza pasinki, mpopi ukuthira, m'manja mulibe mbale, akungoyang'ana khoma. M'bafa amatsegulanso mpopi mwamphamvu, koma kulira kumamvekabe. Chakudya amapita nacho kuchipinda, kenako ndimachipeza atachivundikira kuseri kwa ndowa. Tsitsi sanalipese chichokere kuchipatala. Mukukumbukira mmene ankandinyozera kuti ndimayenda ngati ndataya ndalama pansi? Panopa ndimachita kuyenda choweramira dala pamaso pawo, koma sandinyozanso.

Ndinawauza amayi. Akuti ndi kutopa chabe, mwana wamwamuna za uchembere ndikuzidziwira kuti, ndikawerenge. Ndinawauza azakhali. Anandifunsa ngati ndinaberekapo.

Dzana ndinabwera msanga chifukwa aphunzitsi a masamu sanabwere. Amayi anali kumsika, azakhali ali panja ndi mwana akuonetsa oyandikana nafe. Alamu anali pansi m'khitchini, atatsamira kabati. Anandifunsa ngati ndaona kuti mwana salira akakhala ndi azakhali. Ndinati amalira, kungoti azakhali amakuwa kumuposa. Sanaseke. Anati mwina mwanayu angakule bwino iwo atapanda kukhalapo. Ananena mofatsa, ngati akunena kuti shuga watha.

Achimwene, ine ndili ndi zaka zoti ndizidandaula za mayeso ndi ziphuphu. Ndinangokhala nawo pansipo mpaka amayi anabwera. Tisanadzuke ndinawafunsa alamu ngati akufuna Amayi a Mpira. Anati amayi akwiya. Ndinati sindinafunse za amayi. Anangogwedeza mutu movomera, n'kundiuza kumene mayiyo amakhala.

Dzulo ndinauza azakhali kuti chimpira chija chikutidyera malo, ndikabweze kwa eni ake. Anasangalala mpaka kundipatsa dalitso. Ndinayenda nacho pamutu msewu wonse, ana akunditsatira, anyamata a kusukulu kwathu akundifunsa ngati ndalowa timu ya njovu. Nkhani imeneyo sidzatha kusukulu.

Amayi a Mpira anandimvetsera osandidula. Nditabwereza mawu aja a m'khitchini, nkhope yawo inasintha. Anandifunsa ngati alamu amatsala okha m'nyumba. Anati zimenezi si ulesi, si kudana ndi mwana, ndi matenda amene amagwira amayi ambiri akachira, ndipo amachizika. Koma anati iwo si dokotala, mawu ngati amenewo safunika kudikira, alamu akaonane ndi anamwino msanga. Anaimbira foni anamwino ena a kusikelo ine ndili pomwepo, ndipo anagwirizana zoti apite nawo mawa likubwerali m'mawa. Anandiuza kuti kufikira nthawiyo alamu asakhale okha, ndipo zikasintha ndithamange kwa ometa tsitsi ndiwaimbire, kaya ndi nthawi yanji.

Vuto anati ndi limodzi. Iwo adzafika pageti, alamu akafuna kutuluka adzawaperekeza, pamenepo palibe angawaletse. Koma safuna kuwatulutsa pakati pa mkangano, n'kudzawabwezera m'nyumba imene aliyense wawakwiyira. Kuti adzalowe ndi kupitiriza kubwera, pakufunika mawu a munthu amene amayi ndi azakhali angamumvere. Anandiyang'ana, n'kunena kuti munthuyo si ine. Ngati kuti sindikudziwa.

Tsono mverani zimene ndachita.

Lero nditaweruka ndawauza amayi kuti mwatumiza uthenga kudzera kwa ometa tsitsi. Ndati mwaganizanso bwino, ndipo mwalamula kuti Amayi a Mpira abwerere, aperekeze alamu kuchipatala mawa, ndiponso thaulo libwerere pachitseko. Ndawonjezera kuti mwati azakhali apume, atopa, azingonyamula mwana akapemphedwa. Pamenepo mwina ndinapitirira, koma pakamwa panali patatseguka kale.

Azakhali akuti mawu amenewo si anu, akununkha kope la sukulu. Amayi anandifunsa ngati alamu adya masana. Ndinawatengera kuseri kwa ndowa. Anaona okha. Anakaphika phala n'kupita nalo kuchipinda okha, ndipo azakhali atafuna kutsatira anawauza kuti aone kaye mwana. Komabe akuti akuimbirani m'mawa mukamaweruka, amve kuchokera pakamwa panu.

Ndiye akaimba, musadabwe, musafunse kuti uthenga uti. Munene kuti inde, ndi inu. Mukafuna kundikalipira chifukwa chogwiritsa ntchito dzina lanu, mudzandikalipire mukadzabwera, khutu ndikusungirani. Koma mukakana mawa, ine ndikhala wabodza, zimenezo n'zazing'ono, alamu ndi amene adzatuluke pageti ngati akuthawa, kapena osatuluka n'komwe.

Alamu ndawauza zoona zake, kuti uthengawo ndapeka ndine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndine mwana woipa. Kenako anandituma kuti ndiwafunire chipeso ndi nsapato zawo zakuda zija. Ndazipeza pansi pa bedi, ndazipukuta.

Chinanso. Mukatha kulankhula ndi amayi, mupemphe alamu. Ine ndidzawapititsira foni kuchipinda, ndidzatuluka, ndidzatseka chitseko. Musapemphe kuona mwana. Mwanayo ali bwino, zithunzi zake muli nazo zokwana kudzaza khoma. Muwafunse akazi anu ngati agona. Akati ali bwino, musathamangire kunena kuti chabwino. Mukhale chete, mudikire. Makina a kufakitale sathawa.

Ndipo ngati kuntchitoko angakupatseni masiku, bwerani. Sindikunena kuti mudzandibwezere chipinda changa, ngakhale zimenezonso sindingakane.

Mulungu akusungeni pa makinapo, akupatseninso makutu. Mundiperekere moni kwa anzanu amene mumakhala nawo, makamaka aja amadutsa kumbuyo kwanu opanda malaya tikamalankhula pafoni. Amayi ndi azakhali akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba. Ometa tsitsi akuti mukalandira muyankhe ndi liwu limodzi lokha kuti ndidziwe, ndikhala pabenchi pawo mpaka atseke.

Ndine mng'ono wanu,
wa kuseri kwa sofa.