Kalaliki Walemba za Mkazi Wanga

Lolemba, 3 Malichi

Kalaliki. Ndiyambe ndi iyeyo, chifukwa ndiye wandigwiritsa cholembera lero. Kalaliki wa kufakitale ya matabwa kuja ndinkagwira ntchito. Malaya oyera, manja osalala ngati a khanda. Macheka atandidya dzanja lamanja, ine chigonere m'chipatala, iyeyo ndi amene ankaperekeza mkazi wanga kuchokera kuchipatala mpaka pakhomo. Tsiku ndi tsiku. Abwana anamutuma kamodzi kokha, kukanena za ngozi. Maulendo enawo anadzituma yekha. Anthu analankhula, ine ndinamva. Nditatuluka ndinamuuza kuti ubwenzi watha. Ana amene anali kumsana nthawi imeneyo lero ali ndi imvi. Sitinapatsanepo moni.

Lero mwana wanga wachisamba wabwera ndi buku. Walemba ndi Kalaliki, pa ukalamba wake. Akuti la chikondi. Mmisiri wa matabwa aduka dzanja, mkazi wake amudzutsa. Mwanayo maso ofiira, walira m'basi ulendo wonse. Akuti, "Bambo, mwatchukatu."

Kutchuka kwanji. Mayi ake ali m'manda, sangayankhe. Kalaliki anadikira dala.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndayamba kuwerenga. Pang'onopang'ono, chala pamzere, bukulo kulipanikiza ndi chitsa changachi. Sukulu ndinalekera panjira, mawu ena ndimangowalumpha ngati ngalande.

Wandipatsa dzina lina, lokongola. Wanditalikitsanso. Mmisiri wa m'bukumo ali ndi chifuwa chachikulu ndi maso achisoni. Ine chifuwa changa chinali cha utuchi.

Koma malemu sanawasinthe. Ndi iwowo. Kuluma mlomo wam'munsi akamaganiza. Kuyenda mofulumira ngati asiya china pamoto. Ndipo thabwa lija lilimo. Malemu anatenga chidutswa cha thabwa, nakhoma msomali kuchokera pansi kuti nsonga itulukire pamwamba, ndizibayapo lalanje kapena buledi ndi kudula ndekha ndi dzanja limodzi. Lilipobe kukhitchini. Lada bii, msomali wachita dzimbiri.

M'bukumo, mmisiri atalandira thabwalo akugwetsa misozi, akuti, "Iwe ndiwe dzanja langa lamanja." Munthu wamoyo amalankhula choncho? Ine ndinati, "Msomaliwu mwaukhoma mokhota." Ndipo unali wokhotadi.

Mankhwala a mtima atsala pang'ono. Bukuli akuti ndi lodula kuposa mankhwalawo.

Loweruka, 8 Malichi

Kwa wometa. Nakonso nkhani yake yomweyo. Mkazi wake wawerenga kawiri, tsopano kunyumba kulibe mtendere. Wometayo akuti, "Akufuna ndizilankhula ngati mmisiri wa m'bukumo. Ndati kaye ndiduleni dzanja, mwina mawu abwera." Onse phwete kuseka.

M'bukumo mulinso mnzake wa mmisiri. Mlembi wa muofesi, wofatsa, wodziwa kumvetsera. Amanyamulira mkaziyo dengu, amamufunditsa ambulera, safuna kanthu. Kalaliki wadzijambula yekha ndi utoto wabwino wokhawokha.

Telala wa pakona anali pampando wina, thovu kumaso. Akuti mwamuna weniweni m'buku lonselo ndi mlembiyo. "Wodukayo amangolandira. Uyu amakonda osauza munthu." Wina akuti inde, mkaziyo anaphonya.

Wometa ananditembenukira. "Nanga a Manzere mukuti bwanji, popeza za dzanja ndi zanu?" Sadziwa kuti akumeta mutu wa m'bukumo. Ndinati mabuku ndi a anthu opanda ntchito. Ndinati ametenso kuseri kwa khutu, wasiya.

Anaphonya. Mawu amenewo ndabwera nawo kunyumba ngati njere m'dzino.

Lachiwiri, 11 Malichi

Wailesi masana. Pulogalamu yonse ya bukuli, anthu kuimba foni. Mayi wina akulira, akuti mwamuna wake anafa ziwalo, anali atalongedza kale katundu kuti azipita kwawo, atawerenga wamasula. Wina akuti mkazi wotere kulibe padziko, ndi wa m'mabuku basi.

Kulibe. Ndinagona naye bedi limodzi mpaka tsiku lomaliza. Mapazi ozizira ngati mwala.

Mtsikana wina wa mawu akuthwa akuti mmisiriyo ndi mtolo chabe, akanakhala iye akanapita ndi mlembi. Woulutsa kuseka. Akuti omvera agawikana pawiri, a mmisiri ndi a mlembi, ngati mpira. Sanawerengere, koma ndinali kumva ndekha mbali imene ikuchuluka.

Kenaka Kalaliki mwiniwake. Mawu asasa, akalamba. Anamufunsa ngati nkhaniyi ndi yoona. Akuti, "Ndinali ndi mnzanga." Mnzanga! Anamufunsanso ngati iye anamukonda mkazi wa mnzakeyo. Anaseka pang'ono, kenaka chifuwa, kutsokomola kosatha, mpaka anaika nyimbo.

Chifuwa chimenecho. Sanati inde. Sanati ayi.

Ndazimitsa. Ndatsuka mbale zoyera kale.

Lachisanu, 14 Malichi

Chipatala, kukatenga mankhwala. Mzere wautali. Pabenchi pafupi nane dalaivala wina, bambo wa ana, mkono wamanja wathera pachigongono, bandeji idakali yoyera. Maso pansi. Ndikuwadziwa maso amenewo. Mkazi wake pambali, bukulo pamiyendo, makona a masamba opindapinda.

Mkaziyo anaona chitsa changa, nayamba kucheza. Akuti anamwino ndi amene anawauza za bukuli. Akuti wakhoma kale thabwa la msomali, bambowo dzulo anasenda okha lalanje. Anandionetsa chithunzi pafoni. Akulitcha "thabwa la olemba". Akuti, "Bambo olemba aja ali ndi nzeru, kuganiza chinthu chotere."

Sindinathe kudzigwira. Ndinati thabwa limenelo anaganiza ndi mkazi wanga, ndipo mmisiri wa m'bukumo ndine.

Anandimwetulira monga amachitira ndi nkhalamba imene yaiwala njira ya kwawo. Anandisisita paphewa. "Zoona agogo. Tonse tikawerenga timamva ngati ndi zathu."

Tonse. Mkazi wanga wasanduka wa tonse. Aliyense ali ndi kachidutswa kake m'chikwama, ndipo zikomo akupita kwa Kalaliki.

Dalaivalayo anandifunsa motsitsa mawu ngati zala zimene kulibe zimasiya kuyabwa. Ndinamuuza zoona. Sizisiya.

Loweruka, 15 Malichi

Mutu wachisanu ndi chinayi. Bodza.

Walemba kuti mmisiri ali m'chipatala, mkaziyo akatuluka mu wodi sankapita kunyumba nthawi yomweyo. Ankakhala pabenchi kuseri kwa chipatala, dzanja lamanja atalimanga kumbuyo ndi mpango wake wa kumutu, ndi kumaphunzira. Kumanga mabatani ndi dzanja limodzi. Kumanga zingwe za nsapato, mbali ina kuiponda ndi phazi linalo. Kulemba dzina ndi lamanzere. Kulephera, kulira, kuyambanso. Kuti mwamuna akatuluka adzamupeze akudziwa kale.

Bodza. Malemu sanandiuzepo zimenezo. Tsiku limene ndinatuluka anangogwada, nati, "Onani, ndi chonchi basi, n'zosavuta." Anamanga nsapato ndi dzanja limodzi ngati akusewera. Ndinakwiya kuti kwa iwo n'zophweka. Kulemba kumene ndikulembaku anandiphunzitsa ndi iwo, atandigwira zala.

Munthu sangadzimange yekha dzanja kumbuyo. M'bukumo womanga ndi mlembi.

Bukulo ndaliika pansi pa bedi.

Lamlungu, 23 Malichi

Sabata yonse osalemba. Mwendo, mutu, tulo ta mbalame.

Dzulo ndinakwera basi kupita kwa mlamu wanga, mng'ono wawo wa malemu. Nayenso ali nalo, pamwamba pa wailesi, walikutira pepala ngati buku la mwana wa sukulu. Ndinafunsa za benchi. Ndinkafuna aseke, anene kuti Kalaliki wapeka.

Anaseka, koma kuseka ine. "Alamu, inu munkayesa kuti akulu anga anabadwa akudziwa kumanga nsapato ndi dzanja limodzi?" Akuti dzanja linkatupa pamene pankadutsa mpango. Akuti ankabisa ndi juzi ya manja aatali, kunja kukutentha.

Juziyo ndikuikumbukira. Yobiriwira. Ndinkayesa akudwala malungo.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti, "Mukanavala nsapatozo mutadziwa kuti zinaliridwa? Inu?" Ndinafunsa chifukwa chake womanga anali Kalaliki, osati iyeyo m'bale wake. Akuti anali ndi khanda, kutali. Kalaliki ndiye analipo.

Ndinafunsa funso lenileni. Linatuluka mokhota, koma anamva. Anadzuka kukathira madzi m'ketulo. Akuti, "Alamu, ine pamsewupo panalibe. Funsani amene analipo."

M'basi pobwera ndinkangoona zala zake zosalala zija zikumanga mfundo pamkono wa mkazi wanga. Kufunsa ngati yathina. Kumasula ikakwana nthawi. Mwina kusisita pamene patupa. Ine nthawi imeneyo m'kati, ndikutukwana anamwino chifukwa cha tiyi wozizira.

Ndakhala zaka zonsezi ndikuganiza kuti anandibera chinthu chimodzi. Kani ali ndi china chimene sindinkadziwa n'komwe kuti chinalipo.

Lachitatu, 26 Malichi

Wachisamba wabwera kudzachapa. Akuyanika, akuti, "Bambo, amayi ndawadziwa bwino m'bukumu kuposa mmene ndinawadziwira m'nyumba muno." Ananena mokoma, sanafune kundibaya. Koma mawuwo alowabe.

Ndinati afunse ine, ndilipo, ndimuuza za mayi ake. Anaima ndi malaya m'manja, kudikira. Ndinati anali olimbikira ntchito. Ndinati sankakonda mkaka mu tiyi. Basi, mawu anatha. Zili m'katimu, zodzaza, koma khomo lake ndi laling'ono. Kalaliki ali ndi khomo la galaja.

Akuti Loweruka Kalaliki adzakhala kulaibulale, kukumana ndi owerenga. Akuti akudwala kwambiri, mwina ndi komaliza. Mwanayo akufuna kupita. Ndati miyendo ndi yake.

Ndatulutsa bukulo pansi pa bedi. Fumbi. Ndamaliza. Mkaziyo akhalabe ndi mmisiri, mlembi asamukira kutali. Ndinayesa ndisangalala. Koma tsamba lomaliza ndi la mlembi, ali pasiteshoni yekha, ndipo ndi pamenepo aliyense akulirira. Ngakhale popambana ndagonja.

Loweruka, 29 Malichi

Ndinapita. Sindinauze mwana. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi shelefu ya manyuzipepala, chitsa m'thumba la jekete.

Anthu odzaza, ambiri amayi. Ena pa njinga za olumala, ena ndi ndodo. Kalaliki kutsogolo, wachepa ngati mwana, khosi likusambira m'kolala. Malaya oyerabe. Ndinkafuna ndimuone akunyada. Sananyade. Zimenezo zandipweteka kwambiri.

Mayi wina anadzuka, akuti wawerenga katatu ndipo chinthu chimodzi chikumusowetsa tulo. Bukulo limanena kuti ankayenda limodzi kuchokera kuchipatala, koma silinena zimene mkaziyo ankalankhula panjira. Akuti, "Bambo, mwatimana. Ankati chiyani?" Anthu kuomba m'manja, ena akuti nenani, nenani.

Kalaliki anavula magalasi, nawapukuta. Akuti, "Zimenezo sindinalembe. Si za m'buku."

Amayi aja onse "aaa," ngati alawa uchi. Kwa iwo ndi mchere wa nkhani. Ine ndinagwira shelefu.

Ndiye kuti zilipo. Mawu a mkazi wanga, msewu wonse, masiku onse aja, ali m'mutu wa nkhalamba imene ikutsokomola magazi m'kampango. Akagwa mawa apita nawo.

Potuluka anthu anali pamzere wa kusainitsa. Mwana wanga nayenso pamzere, buku pachifuwa. Sanandione. Kalaliki sindikudziwa ngati anandiona. Anakweza mutu kamodzi kuyang'ana kukhomo, koma maso ake aja mwina saonanso patali.

Lachitatu, 2 Epulo

Mtima unandigwetsa m'bafa dzulo. Woyandikana naye nyumba ndiye anandidzutsa. Adokotala akuti ndipume, ndisamaganize zambiri. Aziuza mtsinje kuti uime.

Awiri tonse tili pamzere umodzi tsopano, ine ndi Kalaliki. Sindidziwa amene ali patsogolo.

Wachisamba akuti andilembere kuwailesi, anthu adziwe kuti mmisiri alipo, wamoyo. Ndakana. Adzabwera ndi mafoni awo kudzajambula chitsa, kudzaona ngati ndikufanana ndi wa m'buku. Adzabwerera okhumudwa. Dzina langa m'bukumo sindikulifuna. Kupepesa sindikukufuna, ndi kwa chiyani. Owerenga akhale nalo buku lawo, azilira, azisankha mbali.

Mwina panjira paja ankanena za ine. Kuti ndine wovuta, kuti atopa. Mwina ankanena kuti akuopa. Mwina tsiku lina, mpango utamasulidwa, dzanja lawo linakhalabe m'dzanja lake, ndipo ananena chinthu chimene kwa ine sananenepo. Ndikhoza kufa nacho chimenecho. Chimene sindingathe ndi kufa iye akudziwa, ine ayi.

Ndamutuma mwana. Ndati upite kwa Kalaliki, usatenge buku, usamutchule kuti olemba. Umuuze kuti a Manzere akufuna chinthu chimodzi asanatseke maso. Abwere yekha, akhale pampando uwu, chitseko chotseka. Andiuze zimene mkazi wanga ankanena pamsewu uja. Asakometse, asandisankhire.

Zonse. Ngakhale zijazo.