Mwana wa Khumi wa Malemu Ezell Maxie

Komiti ya Zidzukulu za Malemu Ezell Maxie
Tsiku: Loweruka, 9 Marichi 2019
Malo: Holo ya tchalitchi, Panola, Texas

Opezeka: Bambo Cleotis Maxie (Wapampando), Mayi Vernell Boyd (Msungichuma), Mayi Ozella Maxie (mwana wa malemu yekhayo wotsala, zaka 84), Darnetta Sims (Mlembi, wosakhala m'bale).
Mlendo: Bambo Hollis Greer, zaka 93.
Osapezeka: Bambo Dewitt Maxie (osapepesa, mwa nthawi zonse).

1. Ndalama za gasi
Wapampando anatsegula msonkhano 10 koloko m'mawa. Anakumbutsa kuti kampani ya Red Heron yapopa gasi pansi pa munda wa malemu zaka zinayi, koma gawo la banja, madola 212,000, ili nalo chigwirire. Ikufuna chikalata cha ana onse a malemu, cholumbiriridwa ndi mboni yosapindulapo kalikonse. Mayi Ozella anati denga lawo likudontha pasanu. "Ndalamazi ndizione ndi maso angawa, osati zidzagule bokosi langa la maliro."

2. Umboni wa Bambo Greer
Bambo Greer ankagawa makalata dera lino kuyambira 1950 mpaka 1988. Wapampando anawapatsa mndandanda wa ana asanu ndi anayi kuti angosaina. Iwo sanauyang'ane n'komwe. Anatsinzina, n'kukweza manja ngati agwira chiwongolero, n'kuyamba kuyenda msewu wawo wakale, bokosi la makalata lililonse: mwini nyumba, ana ake, amene anakwatiwa kuti, amene anafera kunkhondo, ngakhale galu wapakhomopo. Msungichuma ankatsatira m'Baibulo la banja, momwe munalembedwa maina ndi masiku obadwa ndi omwalira a abale, ndipo sanapeze tsiku limodzi lolakwika. Mlembi akuvomera kuti anaika cholembera pansi. Chinthu chotere sanachionepo.

Atafika pa bokosi 41 anaima. "Apa ndinkasiya envulopu mwezi uliwonse mpaka Ezell atamwalira. Ankandipatsa yekha pamanja, n'kunena kuti ndi ya mwana wake Ardella. Zaka sikisite ndasunga pakamwa, poti za m'kalata ya munthu sitiulula. Koma kulumbira bodza ayi. Ana ndi khumi."

Pa bokosi 41 ndi pamene anakulira malemu Ardella Sims, mayi ake a Mlembi. Mpaka kufa mayiwo sanatchulepo bambo owabereka, ndipo Mlembi sankadziwa kuti Ezell ndi agogo ake.

3. Zokambirana
Wapampando anati dzina latsopano lichedwetsa ndalama chaka china ndi kuchepetsa gawo la aliyense. Anaonjezera kuti pa zaka 93 mutu umasokoneza. Bambo Greer anayankha kuti, "Iwe Cleotis, mu 1974 makalata ako kwa mtsikana wa ku Shreveport anabwezedwa katatu osatsegula. Ndipitirize?" Wapampando anabweza mawu awo.

Wapampando anatembenukira kwa Mayi Ozella. "Azakhali, nanga denga lija?"

Mayi Ozella ananyamuka ndi ndodo yawo, n'kuzungulira tebulo, n'kugwira nkhope ya Mlembi ndi manja onse awiri. "Chipumi ichi ndakhala ndikuchiona m'tchalitchi zaka makumi anayi, n'kumadzifunsa kuti ndinachionapo kuti. N'cha adadi. Lembani khumi. Podonthapo nditcherapo ndowa ina."

Chigamulo: onse atatu anavomera kuti Ardella alembedwe (dzanja la Wapampando linakwera pomalizira). Bambo Greer alumbira Lolemba kwa loya. Zomwe zinanenedwa mphindi zingapo zotsatira sizinalembedwe, chifukwa Mlembi ankalira.

4. Zina ndi zina
Msungichuma anakumbutsa lamulo la komiti lakuti Mlembi asakhale m'bale, kuopa kukondera. Anagwirizana kufuna Mlembi wina.

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 13 Epulo 2019, malo omwewa. Wapampando anatseka 12:40 masana.

Cleotis Maxie, Wapampando

Darnetta Sims, Mlembi wotula udindo, mdzukulu wa Ezell Maxie