Ndawapentera a Merle Galimoto

Lolemba, 14 Seputembala

A Merle, amuna anga, akadali m'chipatala. Sitiroko yawapha mbali yakumanja, lilime lomwe. Mawu amene akutuluka ndi amodzi okha: "Pierce... Pierce." Nesi anandifunsa ngati ameneyo ndi mwana wathu. Ndinati ayi, ndi mkazi mnzanga, amagona m'galaja.

Lachitatu, 16 Seputembala

Ndalowa m'galajamo lero, popanda wondikuwa. Galimoto yawo ya Pierce-Arrow ya 1913 ili phee pansi pa nsalu. Penti yake yobiriwira inang'alukang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe, koma ndi imeneyo amaipembedza. Kuchionetsero cha magalimoto akale cha mu Okutobala kumakhala chikho cha galimoto yomwe sinapentedwenso chichokereni kufakitale. A Merle akhala akuchilota chikhocho kuyambira ndili ndi mano onse. Amene ankawaposa anamwalira chaka chatha, ndiye ankangoti chaka chino n'chawo basi.

Ndakumbuka Gail, mwana wathu, akupempha kuti akwere pa tsiku la ukwati wake. Bambo ake: "Ndi diresi la mikanda limenelo? Undikandira chikopa cha mipando." Mwana anapita kutchalitchi pa pikapu ya aneba, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinangokhala chete. Ndakhala chete mokwana.

Loweruka, 19 Seputembala

Ndaitana Duane, uja amapenta mathirakitala, kuti adzaipente galimotoyo. Anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Mayi Hostetter, izi sagwira izi. Mukangopala kamodzi, yapita, sibwereranso. Abambo andipha."

"Ndi dzanja liti?" ndinatero.

Anaseka, kenako manyazi anamugwira. Ndamuuza kuti ndi mphatso yowalandirira akamatuluka. Wavomera. Ndasankha penti yofiira, ya mathirakitala, yomwe ali nayo kale m'zitini.

Lachinayi, 24 Seputembala

Makina opalira akulira tsiku lonse. Fumbi lobiriwira mpaka pa zovala zomwe ndinayanika. Ndaphika payi wa maapozi, theka ndadya ndekha.

Kuchipatala ndawauza kuti galimoto ndikuisamalira bwino. Anandifinya dzanja ndi lamanzere lija. Sindikumbuka kuti anandigwira liti komaliza. Pobwerera ndinadzifufuza ngati muli chisoni. Mulibe.

Lachisanu, 2 Okutobala

Yauma. Ikuwala ngati switi.

Loweruka, 3 Okutobala

Atuluka lero, pa njinga ya olumala. Ndinaitana aneba ndi amayi a kutchalitchi, makeke ndi khofi pabwalo. Kunabweranso Floyd, mnzawo wa zamagalimoto akalezi, atanyamula chikalata cholembetsera kuchionetsero kuti awasangalatse.

Ndinawakankha mpaka pakhomo la galaja. Duane anakweza chitseko.

Floyd anavula chipewa ngati ali pamaliro. Anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ananso. Anakakwera galimoto yake osatsanzika.

A Merle kukamwa yasa, mawu osatuluka, ngakhale amodzi aja. Dzanja lamanzere likumenya njinga, phaa, phaa. Misozi kutsikira m'khosi.

"Taonani abale, akulira ndi chimwemwe!" anakuwa Arlene wa nyumba yoyandikana nafe. "Verna, mkazi ndiwe! Anzakofe amuna akadwala timangogula maluwa."

Onse m'manja, mpaka abusa.

Ndinawapukuta misozi ndi malovu bwinobwino, n'kuwasendezera njingayo pafupi kuti aone bwino.