Tipoti ya apongozi yasanduka yachikasu

Aphungu,

Sindinabe tipoti ya apongozi anga, ndipo amene akufalitsa zimenezi kutchalitchi kuno ku Leicester atseke pakamwa. Tipotiyo apongozi anatipatsa pa ukwati. Akuti malemu bambo awo anapatsidwa ndi mzungu wa ku esiteti ku Thyolo, ndipo banja lonse limalumbira kuti ndi siliva weniweni. Inali itada bii. Nditamva kuti apongozi akubwera kudzationa, ndinaikwecha ndi sitiliwulu monga achitira mkazi aliyense wolangizidwa. Yatuluka yachikasu.

Mlamu wanga Tiyanjana, amene kwake mbale zimagona m'sinki, anangoti, "Alamu, yeniyeni ija mwakagulitsa kuti?" Mwamuna wanga Eston chakudya akudyera kuntchito. Apongozi, amene angofika kumene, ayamba kulongedza katundu kuti azibwerera kwawo.

Digiri sindinamalize, inde, abale a mwamuna wangawa amakonda kundikumbutsa. Koma kuwerenga ndimatha. Kunsi kwake kwalembedwa EPNS ndi W & K. Ndiwauze chiyani anthu ogonthawa?

N.K., Highfields, Leicester

A N.K.,

Tsitsani mtima, lilimelo liyambe lapuma. Simunabe, ndipo zilembozo ndiye mboni yanu. EPNS ikutanthauza kuti tipotiyo ndi ya chitsulo china, siliva anangokutira pamwamba. Ya siliva weniweni ya ku England imakhala ndi kachidindo ka mkango. W & K ayenera kuti ndi anthu awiri amene ankachitira limodzi bizinesi yokutira siliva. Mabizinesi a awiriawiri oterewa anali ambiri, ndipo wina akachoka zilembo zinkasintha. N'chifukwa chake wodziwa akhoza kukuuzani nyengo imene inapangidwa.

Mutengane ndi a Eston, osati a Tiyanjana, mupite nayo kwa ogulitsa zinthu zakale. Amuna anuwo akamve ndi makutu awo, akafotokoze okha kwa mayi awo. Komweko mufunse za okutira siliva, alipo mpaka lero. Sitiliwulu ndi wa mapoto, tipoti imafuna kansalu kofewa.

Koma chenjerani, musakaimirire kutchalitchi n'kulengeza kuti bambo a apongozi anu anapusitsidwa. Mkuluyo anapatsidwa chinthu chabwino, ndipo anachisunga bwino. Pitani kwa apongoziwo masutikesi asanatsekedwe, mukhale pansi, mupepese. Tipotiyo inachoka ku Thyolo n'kufika ku Highfields siliva ali pomwepo. Anamukwecha ndinu.