Mkono wa a Mbewe

Lachinayi, Disembala 1957, kuno ku Sinda.

Lero mtima sunakhale pansi. Masana tili m'kalasi ya ubatizo, mphezi inagwa pamkuyu wa kuseri kwa tchalitchi. Tonse tinagwa chafufumimba. Ine ndinangokuwa kuti "Mayo!" n'kufungatira mwana wanga Esinati. Koma a Mbewe, mkulu wa mpingo, ndinawaona ndi maso angawa. Sanaitane Yesu. Dzanja lawo linathamangira pamkono wakumanzere, m'kati mwa malaya, n'kufinya kanthu.

Ataimirira anasasa fumbi, amvekere, "Amayi, musaope. Mphezi mwini wake ndi Mulungu. Mkhristu amayamba waganiza."

Amayamba waganiza! Nanga dzanja lija linaganiza nthawi yanji?

Ndi iwo omwewa anandiuza Lamulungu lapitali kuti ndidule mphinjiri ya m'chiuno mwa Esinati, apo ayi ubatizo ndiuiwale. Ndinadula, iwo n'kuiponya pamoto anthu akuona. Tsopano mwanayu thupi latentha, akukana ndi bere lomwe.

Mwina ndi chipsera chabe chimawayabwa. Mwina. Mawa ndikawapatsa moni waulemu wa manja awiri, lachiwirilo likagwira pamkono pomwepo. Ndikakangomva kanthu kolimba pamenepo...