Achimwene Amafulatira Makina

Lolemba, 3 Malichi

Achimwene abwera ndi kalata ya kuntchito, yopindidwa kanayi, chidindo cha chala cha inki pakona. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akuyendetsa makina osindikizira mabuku, lero akuti saikirapo mtima. Wolemba ndi bwana watsopano, amene anzawo amutcha Kafayilo poti ngakhale kuchimbudzi amapita ndi fayilo. Mlandu wake: amaima atafulatira sikirini ya makina. Pa 14 akayankhe mafunso pamaso pa mabwana atatu, m'Chingerezi. Akalephera achoka pa makina, azikanyamula mapepala kosungira katundu.

"Iwe unamaliza sekondale, mlongo wanga. Undiphunzitse." Sekondale yakeyo anandipititsako ndi iwo omwewo. Ndikane bwanji?

Lachitatu, 5 Malichi

Phunziro loyamba, pa tebulo la pabalaza pawo. Ndalemba pa katoni: look, watch, notice, observe. Look ndi kungoponya maso. Watch ndi kuwasiya pomwepo, monga mkaka ukakhala pamoto. Notice ndi pamene chinthu chakugwera m'maso usakuchifuna. Observe ndi watch yemweyo atavala tayi. Aseka mpaka kutsokomola.

Alamu ali pakhomo la khitchini: "Pa notice pamenepo mulimbikire, alamu. Makatani ndinasintha sabata yatha."

Mutu wa achimwene ndi wakuthwa. Kamodzi kokha, agwira.

Lamulungu, 9 Malichi

Hear ndi listen. Hear makutu amachita okha. Listen umachita kuwatuma. Pay attention ndi kutuma thupi lonse. Apo agwedeza mutu: "Ndiye ineyotu." Akuti amafulatira dala, chifukwa maso akakhala pa manambala makutu amagona. Sikirini imanena pepala litang'ambika kale. Iwo amamva lisanang'ambike.

Afunsanso mawu a chimene umamva ndi mapazi, pansi pakayamba kunjenjemera mwachilendo. Ndati feel. Akana, ati zimenezo ndi za m'nyimbo zachikondi. Dikishonale sinatiweruze.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndadzera kuntchito kwawo masana. Phokoso loti sungamve ngakhale dzina lako. Fungo la inki mpaka m'mano. Achimwene chilili, msana ku makina, mutu utapendekeka ngati nkhuku yomvetsera kabawi. Mwadzidzidzi atembenuka, apotokola kachitsulo kamodzi, afulatiranso. Mapepala akungotuluka oyera bwino. Ndinafuna kuuza aliyense kuti awo ndi achimwene anga.

Kafayilo ali pakona, akulemba. Si munthu woipa. Wamantha chabe. Chimene sichili pa fomu sachikhulupirira.

Madzulo ndawalowezetsa pamtima chiganizo chimodzi: I watch the screen carefully at all times. Bodza, koma la galamala yabwino. Alibwereza kasanu ngati akumeza mankhwala owawa.

Lachisanu, 14 Malichi

Chiganizo changa sanachinene! Masiku atatu a ntchito yanga, madzi.

Atafunsidwa mmene amayang'anira makina, akuti anangoti, "I listen. The screen is late." Mabwana kuyang'anana. Kafayilo n'kuwafunsa ngati akudziwa tanthauzo la pay attention. Iwo, "Yes, sir. Even now." Ndiye n'kuloza khoma: makina achiwiri, a mnzawo, kuseri kwa khomalo, lamba wake akuterereka, ndipo anayamba pamene ankafunsidwa funso loyamba. Bwana wamkulu anatuma munthu kukaona. Lamba anali atalekerera, mapepala ayamba kutuluka opendama.

Palibe anawomba m'manja. Anangoti yankho adzalimva.

Ndawakalipira kuti munthu sutsutsa mabwana pa mlandu wako womwe. "Ukanafuna ndiname m'chilankhulo cha eni?" Pobwerera mu basi ndinkangomwetulira ndekha, mayi wina mpaka anasuntha.

Lachinayi, 20 Malichi

Yankho, zii. Alamu aonda m'maso. Achimwene apukuta nsapato zopukutapukuta kale. Kafayilo akuti sakuwapatsa moni, koma dzulo anamupeza ataima pafupi ndi makina, fayilo kukhwapa, maso atatsinzina.

Lolemba, 24 Malichi

Atsala pa makina awo! Kalata yafika, ya mizere inayi. Pali mawu amene sindinawaphunzitse: attentive. Ndawauza kuti ndi munthu amene chinthu sichimudutsa. Alamu: "Kuntchito kokha." Koma akulira, mpango kumaso.

Mzere womaliza ndiye wandigwetsa ulesi. Mwezi usanathe alembe kulira kulikonse kwa makina ndi tanthauzo lake, m'Chingerezi, kuti olowa ntchito chatsopano aziphunzira. Akuti kulipo mitundu makumi atatu ndi umodzi. Mlembi ndi ine, osafunsidwa n'komwe.

Tayamba pompano. Atsinzina, akweza chala. Kulira koyamba, akutsanzira ndi pakamwa: khwe-khwe-tiii, pepala lanyowa. Ndafunsa kuti zimenezi pa Chingerezi tilemba chiyani.

"Takhala chete kaye, mlongo wanga. Umve kulira kwachiwiri."